Za ku Delft zija si porcelain ayi

Akulu atolankhani, pomwe mwalemba kuti mbale za buluu za mumzinda wa Delft ku Holland ndiye porcelain yoyamba ya Adatchi ine ndakana. Zija ndi dothi wamba lowotcha, ankangolikuta ndi zoyera za tin kuti lizioneka ngati mbale za ku China zomwe VOC, kampani ya Adatchi yochita malonda ku Asia, inkabweretsa pa sitima, makamaka nkhondo itasokoneza malonda ku China ufumu wa Ming utagwa mu 1644. Mukaona mbale yakale ya Delft yobenthuka m'mphepete mkatimo dothi lake ndi lachikasu, pomwe porcelain yeniyeni ndi yoyera mpaka mkati, ukaigogoda ndi chala imalira kuti ngwee, ukaikweza kudzuwa kuwala kumadutsako pang'ono.

Porcelain yeniyeni ku Holland inayamba mochedwa, ku Weesp cha mu 1759, ku Meissen ku Germany atayamba kale mu 1710. Koma yomwe yandiwawa kuti simunaitchule n'komwe ndi ya ku Loosdrecht. M'busa Joannes de Mol anatsegula fakitale mu 1774 chifukwa anthu a mumpingo mwake anali pa umphawi wadzaoneni ntchito kunalibe, ndiye iye anati bola aziumba makapu ndi mbale apezeko chakudya, pansi pa mbale ankalemba M.O.L. Ngongole zinamupanikiza kwambiri, anamwalira mu 1782 ndipo mu 1784 fakitale anaisamutsira ku Ouder-Amstel. Munthu ngati ameneyu mungamudumphe bwanji mu nkhani yotere? Chonde muonjezere.