Eni zigayo, injini mukuzipha ndi manja anu

Lachiwiri lapitali ndinamangirira kathumba ka chimanga panjinga kupita kuchigayo cha pamsika pathu, ndipo ndinabwerako ndi chimanga chomwecho, chosagaya. Tili pamzere, amayi atakhalira matumba awo, injini inayamba kugogoda ngati muli munthu akusula khasu m'kati mwake. Utsi unatuluka, fungo la chitsulo chopsa linadzaza chinyumba chonse, kenako zii. Mnyamata woyendetsa chigayo anaponya foni m'thumba, kuthamangira ndowa ya madzi ozizira, n'kukhuthulira pamutu pa injini ili moto. Ndinakuwa kuti iwe usatero, koma pakamwa pa nkhalamba panachedwa. Tinangomva thwa! Mutu wa injini wang'aluka.

Makaniko atafika anasolola kachitsulo koyezera oyilo kaja n'kundionetsa. Kouma gwa, kunsonga kokha kuli kadontho kakuda bii, konata ngati phula la pamsewu. Anafunsa mnyamata kuti oyilo anasintha liti. Mnyamata anayang'ana bwana wake. Bwana anayang'ana kudenga.

Kodi abale, kusolola kachitsulo kameneka m'mawa, kukapukuta ndi kansanza, kukabwezera n'kukasololanso, kumatha maola angati? Foni mumaitchaja isanathe moto, yuniti simulola kuti ithe, koma makina okudyetsani inu ndi ana anu mumangowagwejemula m'bandakucha osawayang'ana n'komwe. Ndalama za ogayitsa mumawerenga madzulo aliwonse. Nanga maola amene injini yalira amawerenga ndani? Kabuku kamene kanabwera ndi injini kanakuuzani za kusintha oyilo pakatha maola 250, kapena ocheperapo pamalo a fumbi ngati pachigayo, ndipo kabukuko munayatsira mbaula.

Ena mwa inu mumati timathira oyilo. Oyilo wanji? Uja wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, wokhetsedwa kale m'malole a anthu ena? Injini yanu imafuna oyilo wa mtundu wolembedwa SAE 40 kapena 15W-40 pachigubu, inu mukuthira chilichonse choterera. Wakale osakhetsa, kumangowonjezera pamwamba chaka chathunthu, fyuluta ili yomwe ija munagula nayo injini. Nyale yofiira ikayaka kukuuzani kuti oyilo sakukwera, mumadula waya wake ati ikusokoneza. Mwana akamalira njala mumamutseka pakamwa? Ndaonanso ndi maso anga oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro choti gasiketi yapsa ndipo madzi alowa kosayenera, mwini wake n'kumati tigaye kaye za lero, tiona Loweruka. Loweruka lake linafika ma bearing atadyeka.

Kumbali ya madzi ndiye kumandiwawa mutu kwambiri. Rediyeta yatsekeka ndi gaga ndi ufa mpaka mphepo kusowa podutsa, burashi ili pomwepo pakhoma. Chitsekerero chinasowa chaka chatha, m'malo mwake mwatsekapo chitsononkho chokulunga m'pepala la pulasitiki. Simudziwa kuti chitsekerero chija n'chimene chimagwira mphamvu ya nthunzi kuti madzi asawire pa madigiri 100? Ikadontha mumamata sopo, ena mpaka kuswera dzira m'katimo. Lamba wa fani walendewera, akulira ngati kagalu, inu mukukweza wailesi. Thermostat, yoyang'anira kutentha kwa madzi a injini, munachotsa chifukwa mnzanu wa kubawo anati kuno n'kotentha siifunika. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kubawo amadya choposa phula.

Ndipo inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi a mijigo yambiri ndi amchere mpaka kuwawa pakamwa, mumaona chimene madziwo amachita m'ketulo ya kunyumba kwanu, zoyera zija zomatirira pansi. Mukuganiza kuti m'tinjira ta m'injini akuchita zosiyana? Madzi a mvula mumawasiya akutayika kudenga, coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini, mumati ndi za anthu olemera. Kenako injini ikawira mumatsegula chitsekerero ndi dzanja lamanja, nkhope ili pamwamba pomwepo. Madzi amenewo akasupula khungu, kuchipatala mukanena kuti ndi ufiti?

Ife tinakulira pa ma injini a Lister aja ochokera ku Dursley, ku England, olira pang'onopang'ono ngati mtima wa ng'ombe. Mkulu amene ankayendetsa chigayo cha kwathu ankafika dzuwa lisanatuluke, kansanza kali paphewa, kuyang'ana madzi m'diramu, kuyeza oyilo, kupaka girisi, kenako n'kuika khutu kumvetsera. Sanapite patali ndi sukulu, koma phokoso likasintha pang'ono pokha ankazimitsa, ngakhale mzere utafika kumsewu. Amayi ankamunyoza kuti ndi waulesi. Anaikidwa m'manda injini yake ikugayabe.

Chiwonongereni namondwe Ana damu la magetsi la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130, majenereta ndi injini za dizilo zinachuluka m'mashopu, m'zigayo ndi m'malo owotcherera zitsulo. Zinagulidwa ndi ngongole, zina ndi ndalama zotumizidwa ndi ana ovutika ku Joni. Pitani kuseri kwa magalaja mukaziwone zitaunjikana. Mudzanena kuti za ku China sizilimba. Ayi, musanamizire Atchaina, mwaziumitsa kukhosi ndinu.

Bwana wa Lachiwiri uja ankadandaula kuti oyilo wakwera mtengo, ndipo n'zoona wakweradi. Pano akufunsa mtengo wa crankshaft, pisitoni, ma ring'i ndi mutu watsopano, kuphatikiza thiransipoti yokazitenga kutauni. Mnyamata wachotsedwa ntchito, ngati kuti ndiye ankakana kutulutsa ndalama ya oyilo. Amayi a mudzi wonse abwerera ku mtondo, ndipo ine ndi mawondo angawa ndikupalasa njinga kukagayitsa kutsidya kwa mtsinje.

Akuluakulu azimvi ngati inu, mpaka tichite kukuuzani pagulu kuti injini imamwa oyilo ndi madzi? Manyazi bwanji!