Inu a chithokomiro chofooka, lekani kuseweretsa kapilitsi ka m'mawa

Ndinakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndinaona sabata yatha pakhomo pa mwana wa mng'ono wanga zandiyankhulitsa. Mwanayu adamupeza ndi chithokomiro chofooka chaka chatha. Nditagona kwawo, m'mawa ndinangoona watambasula dzanja: kapilitsi koyera ka levothyroxine (mankhwala a chithokomirowo), pilitsi la ayironi, lina la kashiyamu, ndi kena kokongola kamene akuti n'komeretsa tsitsi. Zonse anaponyera m'kamwa nthawi imodzi n'kutsitsira khofi wothira mkaka. Atatero anayamba kundidandaulira kuti mankhwala a kuchipatala sakumuthandiza, akadatopabe, akadazizidwabe anzake akutuluka thukuta. Ndinamufunsa kuti, iwe, amuthandiza bwanji munthu mankhwala amene sanalowe mokwanira m'magazi?

Ine ndamwa kapilitsi kameneka zaka 16, choncho ana inu, sindikukuuzani zomva kwa ena.

Chithokomiro ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kali kutsogolo kwa khosi. Kamapanga mahomoni amene amayendetsa liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, ngakhale kaganizidwe. Kakafooka, zonse zimayenda mokwawa. Munthu amatopa asanagwire ntchito, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, thupi limalemera, amaiwala zimene wangouzidwa kumene. Kwa ambiri vuto limayamba pamene chitetezo cha m'thupi chatembenukira chithokomiro chomwecho, nthenda imene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, adaifotokoza mu 1912. Zikafika pamenepo nthawi zambiri sichidzukanso. Levothyroxine sachiritsa chithokomiro. Amangolowa m'malo mwa homoni imene thupi lasiya kupanga, n'chifukwa chake ambirife tidzamwa mpaka tsiku lathu lomaliza.

Ndiye pali ena a inu amene mukangopeza bwino miyezi itatu mumati mwachira, botolo n'kuliponya m'kabati. Chimene chimakupusitsani ndikuchidziwa. Mankhwalawa amachoka m'thupi pang'onopang'ono kwambiri. Pamatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lithe m'magazi. Mukasiya lero, mawa mudzuka bwinobwino, sabata yamawa chimodzimodzi, ndipo mudzayamba kuuza anzanu kuti madokotala amangoopseza. Kutopa kumabwerera mwakachetechete patapita milungu, inu n'kumanamizira ntchito kapena ukalamba. Mafuta oipa m'magazi akukwera, mtima ukufooka. Osiyiratu kwa nthawi yaitali, makamaka achikulire, amatha kukomoka thupi lili zii, ndipo si onse amene amadzuka. Samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kamwedwe kake si kovuta, koma n'komwe ambiri mukulakwitsa. Mlingo wa mankhwalawa amauyeza m'mamaikulogalamu, 25, 50, 100, timiyeso tochepetsetsa moti kanthu kakang'ono kakatchinga m'matumbo, gawo la mphamvu lapita. Imwani m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okhaokha, mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa khofi. Ngati m'mawa mumathamanga, gwirizanani ndi dokotala muzimwa pogona, patapita maola 3 kapena 4 chidyereni. Ayironi, kashiyamu ndi mankhwala a chilungulira amagwirana ndi levothyroxine m'matumbo n'kutuluka naye osagwira ntchito. Asiyanitseni ndi maola 4. Ine kapilitsi kanga kamakhala pafupi ndi bedi pamodzi ndi kapu ya madzi, kashiyamu ndimamwa masana. Musasunge botolo kubafa kapena pazenera pomwe pamawomba dzuwa. Chinyezi ndi kutentha zimaononga mphamvu yake.

Tsopano nkhani ya mavitamini, pamene mtima wanga ukuwawira kwenikweni. Tsitsi likayamba kutsalira m'chipeso, munthu amathamangira mapilitsi a biotin amene amawatsatsa pa Facebook. Sindikukudzudzulani chifukwa chofuna tsitsi, nanenso ndinalira nditaona pakati pamutu pakuyera. Koma dziwani kuti munthu wamkulu amangofunika mamaikulogalamu pafupifupi 30 a biotin patsiku, pomwe mapilitsi a tsitsiwa ena amakhala ndi 5,000, ena 10,000. Biotin wochuluka chotero sakhudza chithokomiro chanu, amanamiza makina oyezera magazi. M'makina ambiri amachititsa kuti TSH (homoni yolamula chithokomiro) ioneke yotsika, T4 (homoni ya chithokomirocho) ioneke yokwera, ngati kuti mankhwala akuchulukirani. Dokotala amene simunamuuze kanthu adzayang'ana pepala, n'kukuchepetserani mlingo pomwe thupi lanu likuperewera kale. Mwana wa mng'ono wangayu ndi zimene zinamuchitikira: anamutsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 75, iye n'kumakwiyira dokotala, chonsecho kabotolo ka tsitsi sanakatchule ngakhale kamodzi. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, lidachenjeza za biotin ndi zotsatira zabodza za magazi mu 2017. Siyani kumwa biotin masiku osachepera 2 musanakayezetse, ndipo tengani mabotolo onse amene mumamwa mukawaike patebulo la dokotala. Onse, ngakhale aja mukuchita nawo manyazi.

Enanso mumagula za ayodini ndi za ndere za m'nyanja poganiza kuti mukudyetsa chithokomiro. N'zoona kuti kusowa kwa ayodini kumafooketsa chithokomiro, koma ngati vuto lanu ndi la Hashimoto, ayodini wochuluka angathe kuwonjezera vutolo. Ayironi, vitamini D ndi B12 amakhaladi ochepa mwa ena a ife, koma zimenezo amaona ndi magazi. Yezetsani kaye, mugule pambuyo.

Za kuyezetsa magazi ndinene pang'ono, chifukwa ambiri TSH simuimvetsa. Homoni imeneyi sichokera m'chithokomiro, imachokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamalamula chithokomiro. Chikamagona, kachiwaloko kamakuwa mokweza, ndiye TSH imakwera. TSH yokwera ikutanthauza kuti homoni ya chithokomiro yachepa, osati yachuluka. M'malabu ambiri malire ake amakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, koma dokotala amayang'ananso msinkhu wanu ndi mmene mukumvera. Akasintha mlingo, dikirani milungu 6 mpaka 8 musanayezetsenso; kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikakhazikika, kamodzi pachaka. Ndipo lekani khalidwe lomwa mapilitsi atatu usiku woti mawa mukayezetsa pofuna kubisa kuti mwakhala mukudumphitsa. Magazi amaulula: T4 imaoneka bwino, TSH ikadali m'mwamba, dokotala n'kungokuyang'anani.

Palinso anzathu odzikwezera okha mlingo kuti achepe thupi, kapena opatsa mnzawo mapilitsi poti nayenso amatopa. Mwapenga kodi? Homoniyi ikachuluka mtima umathamanga n'kuyamba kugunda mosokonekera, zimene zingabweretse sitiroko. Manja amanjenjemera, tulo timasowa, mafupa amafooka, makamaka mwa amayi amene adasiya kusamba. Munthu wachikulire kapena wodwala mtima amamuyambitsa ndi mlingo wochepa dala, inu n'kumupatsa wanu wonse?

Nthawi zina ndimakumbukira mayi wina wa ku England amene dokotala George Murray adayamba kumubaya madzi ofinyidwa m'chithokomiro cha nkhosa mu 1891. Anali ndi zaka 46, atatupa nkhope, akuyankhula movutikira. Sadasiye mankhwalawo, ndipo adakhala zaka zina 28. Ife tili ndi kapilitsi koyezedwa bwino, kochepa kuposa chikhadabo cha kachala kakang'ono, koma tikulephera kukadikirira theka la ola.

Inu atsikana amene mukufuna mwana, mverani apa. Mukangodziwa kuti ndinu oyembekezera, musasiye levothyroxine poopa kuti avulaza mwana. Miyezi itatu yoyamba mwanayo alibe chithokomiro chogwira ntchito, ubongo wake umakula ndi homoni ya mayi. Thupi lanu limafuna mlingo wokulirapo kuyambira milungu yoyambirira, kawirikawiri wowonjezera ndi 25 mpaka 30 peresenti, ndipo homoni ikaperewera chiopsezo chopita padera chimakwera. Uzani dokotala sabata yomweyo, musadikire tsiku la sikelo. Adzakuyezani magazi pafupifupi milungu 4 iliyonse mpaka pakati pa ulendowo. Mapilitsi a ayironi amene adzakupatseni kusikelo muzimwa ndithu, koma masana kapena madzulo, kutali ndi kapilitsi ka m'mawa kaja.