Vitamini si chishango cha mtima, anyamata inu

Mtima unandipsa Loweruka ndipo mpaka lero sukuphwa. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 23, anzake anadzamutula pakhomo panga ku Chilomoni cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Malaya anali chonyowa ndi thukuta, mano akukukutika okha, maso ali tong'o. Nditaika dzanja pachifuwa pake, mtima unkagunda ngati chigayo cha dizilo. Tili m'galimoto kuthamangira kuchipatala ndinamufunsa kuti iwe wamwa chiyani. Akuti kaufa koyera kaja amakokera m'mphuno kumadansi, pamwamba pake mowa, pamwamba pakenso zitini za enaje. Kenako anayankhula mawu amene andichititsa kulemba izi: "Ankolo musadandaule, ndinamweratu magnesium ndi mavitamini, thupi ndi lotetezeka."

Lotetezeka! Anakunamizani ndani kodi?

Cocaine ndi crystal meth, zomwe ndi ufa wamtunduwu, zimathamangitsa mtima, zimakweza BP, ndipo nthawi yomweyo zimafinya mitsempha imene imadyetsa mtimawo magazi. Mtima ukugwira ntchito ya anthu atatu, njira ya magazi yapanikizika. Tandiuzani, vitamini C alowa pati pamenepo? Akatsegula mtsempha uti? Magnesium wanuyo aletsa bwanji sitiroko? Ukaphatikiza cocaine ndi mowa, chiwindi chimapanga poizoni wina wotchedwa cocaethylene, amene amakhalitsa m'magazi kuposa cocaine weniweniyo. Kapisozi wa m'botolo lonyezimira sachotsa zimenezo. Sachotsa, abale. Ngakhale mumwe botolo lonse.

Enajeyo naye si madzi. Kachitini ka Red Bull ka 250ml kali ndi 80mg ya caffeine, ndipo munthu wamkulu wabwinobwino amalangizidwa kuti asapyole 400mg patsiku. Wabwinobwino, osati amene mtima wake ukuthamanga kale ndi ufa.

Chandinyansa kwambiri ndi zimene ananena ali pabedi, diripi ili pamkono. Akuti chaka chatha kochepa chabe kankamufikitsa, koma pano "sikakundigwiranso", ndiye amawonjezera. Ankanena monyadira, ngati wakula. Iwe mwana iwe, chimene chazolowera ndi bongo. Ufawo umasefukiritsa dopamine, kemikolo ya m'bongo yopangitsa munthu kumva kukoma, bongo n'kuyamba kugontha, kukoma kuja n'kumachepa. Kukoma ndi kumene kukuchepa, ngozi siikuchepa ayi. Ukamawonjezera pofunafuna kukoma kwa tsiku loyamba, katundu yense akugwera mtima womwewuja, impso zomwezija, mutu womwewuja umene wagona maola awiri okha m'masiku atatu. Kuzolowera si mphamvu. Ndi thupi likukuuza kuti zinthu zayamba kuwonongeka, iwe n'kumaliyankha ndi mavitamini. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Inde ntchito kulibe, inde ndi anzawo amawakopa, zonsezo tikuzidziwa.

Koma bodza la chitetezoli ndi limene likundiwawa. Akanakhala ndi mantha mwina akanalekera panjira. Mabotolo aja anamuchotsa mantha. Anamupatsa mtima woti angathe kupitirira malire chifukwa "wadziteteza". Ufa womwewo sadziwa n'komwe kuti wogulitsa wasakanizamo chiyani, koma ali ndi chikhulupiriro chonse mwa kapisozi. Ena mankhwala omwewa amawasokoneza mutu, kuyamba kumva mawu a anthu omwe kulibe, kuona adani paliponse, mpaka abale kuwaperekeza ku chipatala cha amisala ku Zomba. Kodi amenewo anaiwala kumwa vitamini?

Ndipo inu ogulitsa "zotsuka m'thupi" pa sitetasi ya WhatsApp ndi m'misewu ya ku Limbe, manyazi mulibe? Mumauza ana kuti akasangalala usiku, m'mawa amwe tiyi wanuyo poizoni yense atuluka. Atulukira kuti? Chiwindi ndi impso ndi zimene zimagwira ntchito yotsuka, ndipo ndi zomwezo anawa akuzipha. Inu mukungowerenga ndalama pa Mpamba. Mabotolo atatu amene ndinawapeza m'chikwama mwake ndalama yake ikanagula thumba la chimanga, pomwe mayi ake amakhalira dzuwa lonse pamsika akugulitsa tomato. Mpaka pano achemwali angawo akuganiza kuti mwana wawo anadwala malungo. Akubwera mawa kudzamuona, ndipo ndamuuza kuti awauze yekha, apo ayi ndiwauza ine iye ali pomwepo.