Kuno ku Cape Town Aliyense Akufuna Ndinene Lero Lomwe Kuti Ndine Ndani

Anthu ambiri kumudzi amaganiza kuti munthu wonga ine akangowoloka mlatho wa pa Beitbridge ndiye kuti mavuto ake atha, chifukwa anamva kuti malamulo a dziko la South Africa amateteza aliyense. Za malamulozo n'zoona ndithu. Gawo 9 la malamulo aakulu a dzikoli, a mu 1996, limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi, kapenanso chifukwa cha amene amamukonda, ndipo kuyambira mu 2006 amuna okhaokha kapena akazi okhaokha amamanga ukwati wovomerezeka ndi boma. Chimene sachidziwa n'chakuti mlendo wosauka amagona m'kanyumba ka malata ku Capricorn, ku Dunoon kapena ku Delft, ndipo amene amamupezera kanyumbako ndi Amalawi anzake, osati oweruza a kukhoti.

Ine ndinabadwa ndi thupi lachimuna, koma kuyambira ndili wamng'ono mtima wanga sunakhazikikepo m'umuna umenewo. Masiku ena ndimatsimikiza kuti ndine mkazi, masiku ena ndimangodziwa kuti anthu akamandiitana kuti bambo amakhala ngati akuitana munthu wina, ndipo mpaka pano nkhaniyi ndikuisinkhasinkhabe. Dandaulo langa ndi lakuti kuno kunja palibe amene amampatsa munthu nthawi yosinkhasinkha. Aliyense amene ali ndi chinthu chimene ukuchisowa, kaya ndi chipinda, ntchito kapena chikalata, amafuna yankho nthawi yomweyo.

Ndiyambe ndi anthu a kwathu, chifukwa ndi amene anandipweteka kwambiri. Sindingakane kuti popanda iwo mlendo sangapulumuke ku Joni. Ndi iwo amene amakuchingamira potsika basi, amakupezera ganyu yosamalira maluwa kapena yotsuka mbale m'malo odyera, amakulowetsa m'chipereganyu, ndipo munthu akamwalira amasonkha ndalama zonyamulira thupi mpaka kumudzi. Koma chifundo chonsechi chili ndi malire ake. Tsiku limene mnzanga wogona naye chipinda anapeza wigi ndi utoto wopaka m'zikhadabo pansi pa chikwama changa, mkulu wa pamalo pathu anandiitanira panja madzulo omwewo, nati: "Achimwene, ife tinakulandirani ngati mwana wathu, koma zimene taonazi mutichititsa manyazi kwa eni dziko. Musankhe, musiye zimenezi kapena mupeze kwina kokhala." Ndinayesa kuwafotokozera kuti ngakhale ineyo sindinamvetse bwinobwino chimene chili mwa ine, koma anaona ngati ndikuwazemba. Dzina langa linafufutidwa pa gulu la WhatsApp la anthu a boma lathu, limenenso ndi gulu la zamaliro, ndipo ndisanapeze n'komwe pogona, amayi anali ataimba kale foni akulira, kufunsa kuti, "Mwana wanga, kodi n'zoona zimene akunena anthuzi?" Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amalume amene analamula kuti ndisadzapondenso pakhomo ndi omwewo amene amanditumizirabe uthenga mvula ikayandikira, kundikumbutsa za ndalama ya feteleza. Ndalamayo ndimatumiza chifukwa munda ndi wa amayi, koma ndimatumiza ndi mtima wosweka.

Kumbali ya boma nakonso yankho limafunidwa mwachangu, koma losemphana ndi loyambalo. Lamulo la othawa kwawo la mu 1998 limalola munthu wozunzidwa kwawo pa zifukwa zonga zangazi kupempha chitetezo, ndipo amayamba wapatsidwa chikalata chongoyembekezera cha gawo 22, chimene chimafunika kuchiwonjezera masiku mobwerezabwereza. Kuyambira mu 2012 mpaka mu 2023 ofesi ya Cape Town sinkalandira olembetsa atsopano, moti anthu ankakongola ndalama za ulendo wa ku Musina, ku Pretoria kapena ku Durban. Pa ofesi imene ine ndinapita panali mizere iwiri, wa amuna ndi wa akazi, ndipo munthu amayenera kusankha poima pamaso pa khamu la anthu, ena mwa iwo ochokera kumene wathawako. Ndinaima kwa amuna nditavala buluku chifukwa cha mantha. Wondifunsa mafunso anayang'ana buluku lomwelo n'kunena kuti sindikuoneka ngati mkazi, ndipo nditamuuza zoona kuti ndikudzifufuzabe, anati nkhani yanga ndi yosamveka, komanso kuti ku Malawi kulibe nkhondo.

Nkhondo ya mfuti kulibedi, koma gawo 153 la malamulo a milandu ku Malawi limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende pa mlandu umene limautcha kugonana mosemphana ndi chilengedwe. Tiwonge Chimbalanga, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, anagamulidwa zaka 14 zimenezo mu May 2010 chifukwa cha chinkhoswe chake ndi Steven Monjeza ku Blantyre, ndipo ngakhale Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo, Tiwonge anathawira kuno ku Cape Town. Jana Gonani, amenenso amadzidziwa kuti ndi mkazi, anagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana pempho lake lothetsa gawo limeneli ndi ena onga ilo. Wapolisi wa kwathu safunsa ngati munthu watsimikiza kapena akadasinkhasinkha, amangoona mayendedwe ndi zovala basi. Nanga n'chifukwa chiyani amene ali ndi udindo wotiteteza amafuna kuti tiyambe tatsimikiza? Ngakhale amene anatsimikiza kale sakupeza mpumulo, pakuti lamulo la mu 2003 lolola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso kuti ndi mwamuna kapena mkazi limadalira kaundula wa anthu a m'dzikoli, m'mene wopempha chitetezo mulibe dzina lake.

Ena amandiuza kuti ndizipita ku De Waterkant kumene kuli mabala a anthu onga ife. Kumeneko botolo limodzi limadya ndalama ya thiransipoti ya masiku angapo, ndipo ndakumanapo ndi eni dziko amene amasalidwa ngati ine ndemwe koma pakamwa pawo pamatulukabe mawu onyoza alendo akuti kwerekwere.

Thandizo lenileni ndinalipeza kudzera m'mabungwe ochepa amene amagwira ntchito imeneyi ndi ndalama zoperewera. Gender DynamiX, imene inayamba mu 2005, imaimirira anthu a transgender, kutanthauza amene mtima wawo sugwirizana ndi umuna kapena ukazi wa thupi limene anabadwa nalo. Triangle Project imapereka uphungu ndi chithandizo cha zaumoyo. PASSOP imathandiza othawa kwawo pa nkhani za zikalata. Ndipo Pride Shelter ku Oranjezicht imasunga anthu kwa kanthawi akathamangitsidwa. Kudzera mwa anthu amene ndinakumana nawo kumeneko ndinalowa m'kagulu ka alendo okhaokha, ochokera ku Zimbabwe, ku Congo, ku Uganda ndi ku Burundi, amene timasonkhana m'chipinda cha mmodzi wa ife n'kuphika nsima ndi kabichi. Tsiku loyamba mayi wina wachikulire wa ku Zimbabwe, amene anadutsa m'zonsezi kalekale, anandipatsa mpando nandifunsa dzina limene ndingakonde kuti azindiitana. Nditasowa choyankha ndipo misozi itayamba kulengeza, anapitiriza kuomola nsima, nati: "Mwanangu, mukadzalipeza mudzatiuza, ndipo mukadzalisintha mudzatiuzanso. Panopa sambani m'manja." Ndi anthu amenewa amene amaperekezana kuchipatala kuti wina asanyozedwe ali yekha pamzere, amene amadziwa namwino wachifundo ndi mwini nyumba wosafunsa zambiri, ndiponso amene anandibwereka diresi yoyamba kuti ndiivale m'chipindamo ndione mmene mtima wanga umvere, popanda kundiuza chimene ndiyenera kumva.

Komabe kagulu ka anthu osauka sikanganyamule zonse. Tayamba kusonkherana tokha ndalama zamaliro, koma ndife ochepa, ndipo kunyamula thupi kuchoka ku Cape Town kukafika ku Malawi ndi ndalama zambiri zimene sitingazikwanitse. Choncho ndikulankhula ndi inu atcheyamani a magulu a Amalawi kuno, amene ena mwa inu munalandira zopereka zathu mwezi ndi mwezi musanatifufute. Sitikukupemphani kuti musinthe chikhulupiriro chanu kapena kuti mumvetse zimene ife eniake tikulimbana nazobe. Bwezeretsani mayina athu m'mabuku a zamaliro, ndipo lekani kutumiza zithunzi zathu kwa makolo athu kumudzi.