Za ku Hanford zija, nanga nyanja yathu?

Achimwene olemba nkhani, mwati fakitale ya ku Hanford, m'dziko la America, ithetsa vuto posandutsa zinyalala za mabomba a nyukiliya kukhala galasi. Simunanene kuti anayamba kuimanga mu 2002, pomwe matanki 177 akusunga malita oposa 200 miliyoni a zinyalalazi pafupi ndi mtsinje wa Columbia, ena odontha kale. Ngati America ikuvutika chonchi ndi ndalama zake zonsezo, ife tingatani?

Amayi anga amayanika usipa pa thandala kuno ku Mangochi, ana amasamba m'madzi omwewo. Mitsinje yozungulira mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga imathira m'nyanja yomweyi. Inde, zotsalira za mgodi si za mabomba, koma akuyeza madziwa ndani, ndipo kangati? Kafunseni aboma, mudzatiuze.