Zoteteza thupi tikuziphera mumphika

Maganizo anga pa nkhani ya shuga, BP ndi matenda a mtima ndi awa: bonongwe, nkhwani, chisoso ndi nyemba zili kale ndi zoteteza thupi, koma zambiri zimathera pamoto mbale isanafike pamkeka.

Chidulo ndi soda zimafewetsa ndiwo msanga, inde, koma zimawononga vitamini C ndi B1. Masamba atsukeni musanawadule, aikeni m'madzi ochepa owira kale, vundikirani, mphindi 5 mpaka 7 zakwana. Akafika pobiriwira modera ndiye kuti mwapitiriza muyeso. Msuzi wake musakhetse, chifukwa potaziyamu, amene amathandiza kuti magazi asathamange kwambiri, amasungunukira mmenemo.

Kutendera ndi nzeru yomwe sitiyenera kuisiya. Beta-carotene wa m'masamba, maungu ndi mbatata yofiira mkati, amene thupi limamusandutsa vitamini A, salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndiye masupuni awiri a nsinjiro amagwira ntchito imeneyo. Koma apa mpofunika maso. Mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe safa ndi moto wa kukhitchini ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Musanasinje, sankhani: wofota, wakuda ndi wowawa tayani, osati kuwapatsa ana akazinge. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usweke mosavuta ndi kumene kumaitana chukucho. Nsinjiro zogula zosinjasinja zimandidetsa nkhawa pa chifukwa chomwechi, poti mtedza woipa ukasinjidwa suonekanso.

Tomato ndi wosiyana ndi masamba: lycopene wake, choteteza thupi chimene chimamufiiritsa, amatuluka bwino akaphikidwa ndi timafuta pang'ono. Adyo musinje, adikire mphindi 10 asanalowe mumphika, kuti allicin, choteteza thupi cha mu adyo, apangike.

Za ufa. Kukonola kumachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, momwe muli ulusi (fibre) umene umachedwetsa shuga kulowa m'magazi, choncho mgaiwa ukuposa ufa woyera. Komabe mgaiwa ndi chimanga ndithu, mitanda inayi ikweza shuga basi. Theka la mbale likhale masamba, kota nyemba, nandolo kapena usipa, kota yotsalayo nsima. Bungwe la WHO limati tizidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, osawerengera chinangwa ndi mbatata, ndipo mchere usafike magalamu 5, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mchere wa m'timakyubu tokometsera ndiwo nawonso uwerengeni. Mukatha kudya nyemba, gwafa kapena malambe amathandiza ayironi wa m'nyembazo, wofunika popanga magazi, kulowa m'thupi, pomwe tiyi amamutsekereza, ndiye tiyiyo adikire ola limodzi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mabotolo odula amene akutsatsidwa pa WhatsApp ngati mankhwala a nthenda iliyonse. Kafukufuku wa ku Finland wa mu 1994 anapeza kuti mapiritsi a beta-carotene anachulukitsa khansa ya m'mapapo mwa amuna osuta fodya, pomwe beta-carotene wa m'ndiwo alibe vuto limenelo. Zakudya ndatchulazi zimachepetsa chiopsezo pakapita zaka, sizichiza nthenda yomwe yakhazikika kale. Amene mukumwa mankhwala a BP kapena a shuga musawasiye chifukwa cha ufa wa chammwamba. Ndipo odwala impso, funsani adokotala musanachulutse nthochi, masamba ndi nyemba, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima.