Limiting reagent sitiipeza poyang'ana magalamu

Aphunzitsi a kemesitile ndi inu ophunzira amene mukukonzekera MSCE, pali njira yachidule imene ndikufuna tiisiye m'makalasi mwathu, yonena kuti chinthu chochepa ndicho limiting reagent, kutanthauza chinthu chimene chimatha choyamba zinthu zikamasakanikirana n'kusanduka zina. Chochepa pa chiyani? Pa magalamu? Pa ma mole (muyeso wa chiwerengero cha ma atomu kapena mamolekyu)? Zonsezi zimanamiza. Ndipo vutoli limayambira patali, pamene mwana akubalansa ikwesheni osadziwa kuti manambala akulembawo akuwerengera chiyani.

Antoine Lavoisier anafotokoza momveka mu 1789 kuti zinthu zikasakanikirana n'kusanduka zina, kulemera kwake konse sikusintha. Ma atomu sapangidwa, satayika, amangosinthana malo. Ntchito yonse yobalansa yagona pamenepo. Mumaloledwa kusintha nambala yakutsogolo yokha, osati kanambala ka m'munsi. Pa H2 + O2 → H2O, ena amathamangira kulemba H2O2 kuti okosijeni akwanire. Ma atomu akwaniradi, koma simunapangenso madzi, mwapanga hydrogen peroxide. Yankho lolondola ndi 2H2 + O2 → 2H2O.

Tiyese ndi butane, C4H10, mmodzi mwa mipweya imene imakhala m'masilinda ophikira. Yambani ndi kaboni: alipo 4, ndiye 4CO2. Haidirojeni alipo 10, ndiye 5H2O. Okosijeni musiyeni mpaka pomaliza chifukwa waima yekha. Kumanja alipo 8 kuphatikiza 5, akukwana 13, zomwe zikufuna 6½O2. Apa ndi pamene ambiri amafufuta zonse n'kuyambiranso. Musafufute, ingochulukitsani zonse ndi 2: 2C4H10 + 13O2 → 8CO2 + 10H2O. Gulu ngati SO4 likaoneka mbali zonse losasintha, liwerengeni ngati chinthu chimodzi, monga mu 2Al + 3H2SO4 → Al2(SO4)3 + 3H2.

Manambala akutsogolowa amawerenga mamolekyu, ndiye kuti amawerenga ma mole. Sawerenga magalamu ngakhale pang'ono. Wokonza njinga akakhala ndi mafelemu 10 ndi mawilo 14, amanga njinga 7 zokha. Mawilo ndi amene achuluka, komanso ndi amene atha msanga, chifukwa njinga iliyonse imadya awiri.

Onani ndi amoniya, amene amapangira feteleza wa urea: N2 + 3H2 → 2NH3. Mole imodzi ya N2 imalemera magalamu 28, ya H2 magalamu 2, ya NH3 magalamu 17.

Mwapatsidwa magalamu 28 a nayitrojeni ndi magalamu 10 a haidirojeni. Woyang'ana magalamu anena kuti haidirojeni ndiye wochepa. Sinthani kaye zikhale ma mole: nayitrojeni ndi mole 1, haidirojeni ndi ma mole 5. Kenako gawani chilichonse ndi nambala yake yakutsogolo. Nayitrojeni, 1 ÷ 1 = 1. Haidirojeni, 5 ÷ 3 = 1.67. Chimene chapereka yankho laling'ono ndicho chidzathe choyamba, ndiye limiting reagent ndi nayitrojeni, yemwe uja anali wolemera kwambiri. Amoniya atuluka ma mole 2, magalamu 34. Haidirojeni wagwira ntchito ndi ma mole 3, otsala ndi 2, magalamu 4.

Tsopano tisinthe: magalamu 56 a nayitrojeni ndi magalamu 9 a haidirojeni. Ndi ma mole 2 ndi ma mole 4.5. Amene anaphunzira kuti ma mole ochepa ndiwo amatha msanga asankha nayitrojeni, ndipo alakwa. 2 ÷ 1 = 2, pomwe 4.5 ÷ 3 = 1.5. Haidirojeni ndiye atha. Amoniya ndi 4.5 × 2/3, ma mole 3, magalamu 51, ndipo nayitrojeni wotsala ndi theka la mole, magalamu 14. Chenjerani apa: 1.5 uja ndi woyerekezera chabe, si kuchuluka kwa haidirojeni. Powerengera zotuluka bwererani ku 4.5.

Chimene ndikupempha aphunzitsi kuti muchiumirire ndi kutsimikizira pomaliza. Zolowa zinali 56 + 9 = 65. Zotuluka ndi zotsala ndi 51 + 14 = 65. Manambala awiriwa akasiyana, penapake pasokonekera, ndipo kawirikawiri mwana amakhala kuti watenga 14 m'malo mwa 28 pa nayitrojeni, kapena 1 m'malo mwa 2 pa haidirojeni, kuiwala kuti mipweya imeneyi imayenda ma atomu awiriawiri. Kutsimikiziraku sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Mutuwu si wa pepala lokha ayi. Makala akamayaka pa mbaula panja pomwe mpweya ukuyenda, C + O2 → CO2. Mukalowetsa mbaulayo m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo usiku wa mu June, okosijeni ndiye amapelewera, ndipo kumachuluka 2C + O2 → 2CO. Carbon monoxide alibe fungo, saoneka, ndipo amapha anthu ali m'tulo. Mwana wa Fomu 3 ayenera kutuluka m'kalasi akudziwa zimenezi.

Funso likabwera ndi asidi, njira ndi yomweyo, kungoti ma mole mumawapeza pochulukitsa concentration (ma mole a asidi mu dm³ imodzi, yolembedwa M) ndi voliyumu ya mu dm³. Magalamu 2.4 a magnesium mu 50 cm³ ya 2 M HCl: Mg + 2HCl → MgCl2 + H2. Gawani 50 ndi 1000 kaye, apo ayi mupeza ma mole 100 a asidi m'malo mwa 0.1. Magnesium nayenso ndi 0.1 (mole imodzi imalemera magalamu 24), koma asidi amafunika kawiri, choncho asidi ndiye atha. Haidirojeni atuluka 0.05 mole, yomwe ndi 1.2 dm³ pa r.t.p. (kutentha ndi presha wa m'chipinda, pomwe mole imodzi ya mpweya ndi 24 dm³), ndipo magalamu 1.2 a magnesium atsala pansi pa bika osasungunuka.